Ufa wa Lachitatu

Bambo anga atagona m'manda miyezi inayi, kuntchito kwawo anawatsegulira mlandu.

Kalata yake inabwera ndi mtsikana wa ku labu ya payunivesite, kumene bambo ankagwira ntchito. Anzake ankamutcha Namagalasi, chifukwa magalasi ake anali okhuthala ngati pansi pa botolo. Ankachita digiri yake yomaliza, ndipo kwa zaka zitatu chilichonse chimene ankayeza chinkayamba chadutsa m'manja mwa bambo. Pamaliro analira kuposa azakhali anga, amene kulira ndi luso lawo lobadwa nalo. Koma tsiku limeneli anakana kulowa m'nyumba. Anaima pakhonde atagwira envelopu m'mphepete ngati ikutentha.

"Amayi alipo?"

"Apita kukagula ulusi."

"Bola. Yambani mwawerenga nokha, achimwene."

Kalatayo inali yaifupi. Komiti ya yunivesite idzakumana pakatha milungu itatu kuti ione ngati malemu, amene anali wothandizira mu labu, ankathira zinthu zosaloledwa mu ufa woyesera pofuna kuti zotsatira zioneke zabwino. Banja likhoza kutumiza munthu mmodzi kudzamvera. Kudzamvera, osati kudzalankhula.

Amati mlandu suwola. Wozengedwa mlanduyo ndiye anali atayamba kale, koma komiti sinaonepo vuto.

Ndifotokoze kaye ntchito ya bambo, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anthu oyandikana nafe ankangodziwa kuti amatsuka mabotolo. Ankatsukadi. Koma ntchito yawo yeniyeni inali pa ng'anjo yamagetsi, mpaka ku labu konse ankangowatcha a Ng'anjo. Ankatenga yuleya, yemwe uja amathira m'munda ngati feteleza, kumuika m'kabakuli kadothi loyera, kuvundikira, n'kuwotcha maola anayi pamoto wa madigiri 550. Kabakuli kodzaza kankatulutsa kaufa kachikasu kosakwana supuni ziwiri. Ufa umenewo ukauthira m'madzi n'kuwalitsapo getsi lamphamvu lotsanzira dzuwa, umathandiza madziwo kutulutsa haidrojeni, mpweya umene umayaka osafuka utsi. Pulofesa, mwini wake wa labuyo, ankauza atolankhani kuti tsiku lina magalimoto azidzayendera madzi ndi dzuwa. Bambo ankapita kuntchito pa basi yofuka ngati dzala lotenthedwa, koma ankakhulupirira ndi mtima wonse.

Vuto la ufawu ndi ulesi. Umatulutsa tithovu mochita kuwerenga, ngati munthu amene akukakamizidwa kupepesa. Asayansi padziko lonse akhala akufunafuna njira youdzutsira. Ndiye chaka chatha, ufa wina wochokera m'ng'anjo ya bambo unayamba kutulutsa mpweya kasanu ndi kamodzi kuposa kale. Pulofesa anakwera ndege. Nkhani inatuluka m'magazini yaikulu ya asayansi. Bambo anapatsidwa satifiketi ndi wotchi ya pakhoma, imene mpaka lero imathamanga ndi mphindi zisanu pabalaza pathu.

Atamwalira, analemba munthu wina, wa masatifiketi atatu. Anatsatira buku la bambo la mu labu mzere ndi mzere, kokwana makumi anayi. Ulesi uja unabwerera. Asayansi a kumaiko awiri anayesanso, zinakanika, ndipo analembera magazini ija kufunsa mwaulemu ngati wina sanalote. Ufa wabwino uja unali utatha wonse poyeza. Ndipo panali kabati yosungiramo pulatinamu, amene ukangomuwonjezera pang'ono ufa waulesi umavina. Kiyi wa kabatiyo ankakhala pa lamba wa bambo.

"Inu mukukhulupirira zimenezi?" ndinamufunsa Namagalasi.

"Ine ndimakhulupirira zimene ndinayeza. Koma a Pulofesa akuti penapake pali munthu wonama, ndipo sangakhale iwo, chifukwa chaka chonsecho sanalowemo mu labu."

"Ndiye mwatsala inu ndi wakufa."

"Eya. Ndipo wakufa sakufuna digiri." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'munsi mwa bulauzi. Popanda magalasi ankaoneka ngati mwana wolekedwa pasiteji ya basi. "Sindikufuna kupulumukira pa iwo, achimwene. Ankandisungira mpando pafupi ndi ng'anjo kukazizira."

Anatulutsa mapepala m'chikwama, makope a buku la bambo. Anati si ufa wonse unkachita bwino. Pa maulendo oposa zana amene bambo anawotcha, abwino anali makumi awiri ndi atatu okha, ndipo iye anawalemba mzere wofiira kunsi. "Ndayang'ana mpaka maso kuwawa. Zonse n'zofanana. Yuleya yemweyo, moto womwewo, maola anayi. Taonani inunso, paja munaphunzirako zimenezi."

"Ndinasiyira panjira."

"Ndikudziwa. Bambo anu ankati mutu ulipo, chosowa ndi matako okhalira pansi."

Ndinaseka.

Panali chinthu chimene sindinamuuze. Maliro atatha, a ku labu anatibweretsera katoni ya zinthu za bambo: kapu, sandasi, magolovesi ogwirira zotentha, ndi chikhoti choyera. M'thumba lam'kati la chikhoticho ndinapezamo kabuku ka kuchipatala komangidwa ndi mphira. Khansa. Pafupifupi chaka chathunthu, Lachitatu lina lililonse podumpha limodzi, bambo ankakhala pamzere kuchipatala chachikulu kudikira diripi. Ife kunyumba tinkadziwa kuti anagwa pasiteji m'mawa wina n'kumwalira patatha masiku awiri. Mlendo aliyense wobwera kudzapepesa, amayi ankamuuza kuti, "Mulungu anawakomera mtima, sanavutike." Ankanena zimenezi ngati munthu amene akutsamira khoma. Tsitsi silikanawaulula bambo, chifukwa dazi linali litagwira kale ntchito yake. Za kuwonda ankati asiya shuga. Kabukuko ndinakabisa m'buku langa lakale la sayansi, malo okhawo m'nyumba monse amene sankatsegulidwa ndi wina aliyense, kuphatikizapo ine.

Namagalasi atapita ndinakhala pabedi ndi mapepala ake. Sindinkafuna kutulukira chilichonse. Ndinkangofuna kuona zolemba za bambo, ma 4 awo otseguka pamwamba ngati mpando. Koma pa mizere yofiira ija ndinaona deti limene ndinkalidziwa.

Linali tsiku limene anandigwira. Nthawi imeneyo n'kuti nditalephera mayeso a chaka chachitatu n'kusiya sukulu, koma kunyumba ndisananene. M'mawa uliwonse ndinkanyamula chikwama, kutsanzika, n'kukakhala pabenchi m'tauni kuonerera anthu amene anali ndi kopita. Tsikulo, 9 koloko itangodutsa, ndinangoona nsapato zimene ndinkazipolisha ndekha zitaima patsogolo panga. Ine ndinayenera kukhala m'kalasi. Iwo anayenera kukhala pa ng'anjo. Tinayang'anana nthawi yaitali, aliyense akudikira kuti mnzake afunse.

"Wadya?" anatero bambo.

"Ndadya."

"Chabwino."

Anawoloka msewu n'kukwera basi. Kwa chaka chonse ndinkaganiza kuti sanandifunse chifukwa chokhumudwa nane. Sindinaganizepo zoyang'ana kuti basiyo inkalowera kuti.

Ndinatulutsa kabuku ka kuchipatala. Deti lija linalimo, ndi chidindo chake. Ndinayamba kuyendetsa chala, uku pepala, uku kabuku. Mizere yofiira makumi awiri ndi itatu. Zidindo makumi awiri ndi zitatu. Panalibe ndi limodzi lomwe losemphana.

Chifukwa chimene anabisira sindikuchidziwa, ndikungoganiza. Akananena, akanawapumitsa ntchito, ndipo malo anga aulere m'kalasi, a mwana wa wantchito, akanapita nawo. Ankasungira malo munthu amene anali atachoka kale. Ngakhale atandipeza pabenchi paja anapitirizabe kusunga.

M'mawa mwake ndinapita ku labu, koyamba chisiyireni sukulu. Mlonda wa pageti anandizindikira, anavula chipewa, ndipo sanandifunse chiphaso. Mu labu munkanunkha monga kale, sopo ndi chitsulo chotentha. Pamwamba pa ng'anjo panali pepala lakale lomatidwa ndi selotepi, lolembedwa ndi dzanja la bambo: OSASIYA NG'ANJO IKUYAKA POPANDA MUNTHU.

Ndinamuonetsa Namagalasi kabuku kaja. Anawerenga, anakhala pansi pa situlo, n'kugwira pakamwa.

"Ankandiuza kuti akupita ku sitolo ya yunivesite kukatenga magolovesi," anatero. "Ndinkadabwa kuti magolovesi amatha bwanji chonchi."

"Ankachoka nthawi yanji?"

"Cha m'ma 9. Ankayatsa 7 koloko."

"Ndiye taonani pepala ilo. Munthu amene analemba lamulo limenelo sakanasiya moto ukuyaka. Ankazimitsa patatha maola awiri, kupita, kubwera, kuyatsanso maola awiri."

"Koma m'buku analemba anayi."

"Awiri kuphatikiza awiri. Bambo sankanama, ankangowonkhetsa."

Tinapita kwa Pulofesa. Anadzuka pampando n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwana wa a Ng'anjo! Pepa, pepa kwambiri. Bambo ako anali ngati m'bale wanga." Kumbuyo kwawo kunali chithunzi cha m'nyuzipepala, m'felemu: iwo atanyamula kabotolo ka ufa wachikasu, akumwetulira ngati wabereka mapasa. Bambo analiponso pachithunzicho. Chigongono chawo chinkaoneka kumapeto kwenikweni.

Namagalasi atafotokoza, Pulofesa anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Mukundiuza kuti zotsatira zabwino kwambiri pa moyo wanga wonse zinabwera chifukwa munthu ankathawa ntchito?"

"Ankapita kuchipatala, bwana," ndinatero.

"Nanga osandiuza bwanji? Chitseko changa chimakhala chotsegula nthawi zonse."

Chinkakhaladi chotsegula. Mwini wake ndiye sankapezekamo.

"Tamverani," anapitiriza, "madeti kufanana si sayansi. Komiti ikufuna thovu. Ng'anjo ilipo, yesani. Zikakanika, musadzanene kuti sindinakupatseni mpata." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Iwe unali m'kalasi mwanga, eti? Unkakhala kumbuyo."

"Eya, bwana. Kenako kunja."

Tinafunika kudziwa kuti ng'anjo inkakhala yozima nthawi yaitali bwanji, ndipo panalibe buku lina loti litiuze. Choncho Lachitatu lotsatira ndinachoka pa labu 9 koloko, ndinakwera basi ija, ndinakakhala pabenchi ya kuchipatala pakati pa anthu odwala, ine wabwinobwino ndi wotchi padzanja. Benchiyo inali yoterera chifukwa cha kukhalidwa. Mzere ukasuntha, aliyense ankangodzikhwekhwereza osaimirira. Bambo wina wowonda pambali panga anandifunsa kuti vuto langa lili pati. Ndinaloza pachifuwa. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndikadali mwana, ndilimba. Nesi wina atandifunsa kabuku, ndinamupatsa ka bambo.

"Adazi aja? Oseka aja? Ankangoyang'ana wotchi, akuti ndasiya mphika pamoto. Tinkawaseka kuti akazi awo anawadyetsa chiyani." Anandibwezera kabukuko. "Asowatu masiku ano."

Ndinamuuza. Anati pepani, n'kuitana wotsatira.

Kupita, mzere, diripi ndi kubwerera zinakwana maola atatu ndi theka. Tinawotcha maola awiri, tinazimitsa, tinadikira maola atatu ndi theka, tinayatsanso awiri. Tsiku lotsatira Namagalasi anathira ufawo m'madzi n'kuyatsa getsi. Tinakhala pamenepo mpaka masana tikuyang'ana kagalasi ngati anthu odikira kuti dzira liswe. Tithovu tinabwera, tochepa, taulesi, tomwe tija takale. Tinayesanso kawiri, posintha nthawi yodikira. Chimodzimodzi. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi kuti komiti ikumane.

"Pali china chimene ankachita akabwerako," anatero Namagalasi. "Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ndikuphunzitsa a chaka choyamba. Ndani wina ankadziwa manja awo?"

Analipo mmodzi yekha. Ndipo kuti ndimufunse, ndinayenera kumugwetsera khoma limene ankatsamira.

Amayi ndi telala. Ndinawapeza pakhonde akupinda mayunifolomu a ana asukulu, mapini ali kukamwa. Ndinaika kalata ya komiti pa makina, ndipo pamwamba pake kabuku. Anayamba ndi kabuku. Amawerenga pang'onopang'ono, akunyowetsa chala potembenuza tsamba. Anafika kumapeto, anabwereranso poyamba. Kenako anachotsa mapini kukamwa, limodzilimodzi, n'kuwabaya pakansalu.

"Lachitatu," anatero.

"Eya, amayi."

"Lachitatu ankakana kudya madzulo. Akuti a Pulofesa atigulira chakudya chambiri masana." Anatseka kabukuko. "Ine ndinkachita kumutchula Pulofesayo m'pemphero. Chaka chonse. Ambuye dalitsani munthu wopatsa uja."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe unadziwa liti?"

"Katoni itabwera."

"Miyezi inayi. Ukundimva ndikuuza anthu kuti sanavutike, iwe uli phee kuthira tiyi." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wa bambo ake. Mwina m'nyumba muno wonena zoona ndi wotchi ija, nayonso imanama ndi mphindi zisanu."

Kenako anawerenga kalata ya komiti. Ndinkayembekezera misozi. M'malo mwake khosi lawo linawongoka.

"Wakuba sanali. Munthu uja ankabweza ndi cholembera chomwe cha kubanki. Wabodza, eya, taona lero. Koma wakuba ayi." Anasuntha mayunifolomu pabenchi. "Khala apa. Tiyambe tamuyeretsa dzina, kenako ndimukwiyire bwinobwino. Fotokoza zimene mwachita, osadumpha."

Ndinafotokoza: kuyatsa, kuzimitsa, kudikira, kuyatsanso.

"Unavundukula?"

"Ayi. Buku likuti chivundikiro chikhalepo."

"Unatakasa?"

"Ayi."

"Ndiye amenewo si bambo ako. Iwe unakulira m'nyumba ya ndani? Zaka makumi atatu, munthu uja chinthu chikazizira sankachibwezera pamoto asanavundukule. Avundukule, atakase ndi supuni mpaka pansi, anunkhize, ndiye abwezere. Ndipo sankavundikiranso. Akuti chotenthetsa kachiwiri chimafuna mpweya. Tinakangana kangati chifukwa cha zivundikiro zanga zoiwalidwa pawindo? Ukuganiza kuti kuntchito ankasanduka munthu wina?"

Anabwezera mapini kukamwa n'kupalasa makina. Ndinaona kuti akusoka kolala kumalo a thumba, koma sindinanene.

Lolemba tinachita monga amayi ananenera. Ng'anjo itazizira ndinavala magolovesi a bambo, ndinavundukula, ndinatakasa ufa wosapsa bwinowo mpaka pansi. Ndinanunkhizanso, ngakhale Namagalasi anandikalipira kuti zimenezo si za sayansi. Chivundikiro ndinachiika pawindo. Pomaliza ufawo unatuluka wotuwirako, wochepa kwambiri, wopepuka ngati phulusa la pepala. Ukapumira pafupi unkafuna kuuluka.

Lachiwiri getsi litayaka, sipanathe mphindi khumi. Tithovu tinayamba kukwera m'mizere, tothinana, tothamangitsana, ngati madzi ali pafupi kuwira. Namagalasi anayang'ana manambala pa kompyuta, anayang'ana kagalasi, anayang'ananso manambala.

"Kasanu ndi kamodzi," anatero. Anayesa kundifotokozera kuti moto wachiwiri, pokhala ndi mpweya, umasenda ufawo kukhala timapepala topyapyala, ndiye kuwala kumafika paliponse. Anafika pakati n'kulephera kupitiriza. Ine ndinatuluka kukaima pakhonde. Sindinkafuna kulira pamaso pa munthu wa masatifiketi atatu uja, amene anali ataima pakona akuwerenganso buku kuti aone pamene panalembedwa za chivundikiro.

Komiti inakumana Lachisanu, m'chipinda cha tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi. Kalata inati munthu mmodzi. Tinapita awiri, ndipo palibe amene analimba mtima kuuza amayi kuti atuluke. Anavala diresi lawo lakuda, chikwama chili pamiyendo.

Pulofesa analankhula mphindi makumi awiri. Anati gulu lawo, monga ankaganizira kuyambira kale, latsimikiza njira yatsopano imene aitcha Njira ya Magawo Awiri. Anaonetsa zithunzi za timapepala topyapyala. Anati nthawi yopumitsa ufa, maola atatu ndi theka, inapezeka pambuyo pa kafukufuku wosamala. Ndinaganiza za benchi yoterera ija. Akanachepetsa manesi ndi mmodzi, sayansi ikanati maola anayi. Anatinso alembera magazini kuwonjezera mfundo imene inatsala, ndipo dzina la malemu lidzakhalapo m'munsi, pa mawu othokoza. Wapampando anafunsa Namagalasi ngati pulatinamu anakhudzidwa. Iye anati ayi, ndipo anayesa katatu pamaso pa mboni, kabati ili yokhoma.

"Ndiye nkhani yothira zinthu yatha," anatero wapampando. "Malemu alibe mlandu. Tilemba kalata ku banja."

Ndinamva ngati wina wandichotsa thumba la simenti pamsana. Ndinayang'ana amayi. Sanasunthe.

Kumapeto kwa tebulo kunali mkulu woona za antchito, munthu wa taye yofiira amene sanalankhulepo chiyambireni. Anakhosomola, natsegula fayilo.

"Pepani wapampando, kungoti zilembedwe. Umboni womwewu ukuonetsa kuti malemu anachoka pantchito maulendo makumi awiri ndi atatu osadzaza fomu yopempha chilolezo. Komanso m'buku la labu sanalembe zonse zimene ankachita. Malinga ndi malamulo, akanakhala moyo tikanawalembera kalata yowachenjeza. Koma poti zinthu zili chonchi, tingozisiya."

Anthu anayang'ana pansi. Pulofesa anatsegula botolo la madzi mosamala kwambiri. Ine ndinali nditayamba kudzuka pamene amayi anandigwira bondo. Anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Mayi, banja linaitanidwa kudzamvera chabe," anatero wapampando mofatsa.

"Ndamvera, bambo. Ndamva zonse. Kalata yochenjezayo ilembeni."

Wa taye yofiira anaphethira. "Mayi, sindimatanthauza kuti..."

"Mwati maulendo angati?"

"Makumi awiri ndi atatu."

"Osapempha chilolezo."

"Eya, koma..."

"Kwa inenso sanapemphe. Ilembeni. Muikemo madeti onse, ndi mawu aja mumalemba akuti zikadzachitikanso. Ndisayina ndine kuti yalandiridwa."

Wapampando anayang'ana Pulofesa, Pulofesa anayang'ana botolo lake. Pomaliza wa taye yofiira anati palibe lamulo loletsa, ndipo munthu wotere akapeza kuti palibe lamulo loletsa, amagwira ntchito mwachangu. Tinadikira pabenchi panja theka la ola. Mlembi anabwera ndi maenvelopu awiri. Amayi anasayina, pang'onopang'ono, dzina lonse.

Tikutsika masitepe anatsegula yoyamba, yonena kuti malemu anali wantchito wokhulupirika ndipo yunivesite ikupepesa. Anaiwerenga ataima. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'kathumba kam'kati ka chikwama, kokhala ndi zipi. Yachiwiri anangoigwira m'manja.

"Mawa undiperekeze kumanda," anatero. "Ndikufuna aimve yonse iyi, mpaka chidindo."

"Nanga inayo, amayi? Yowayeretsayo?"

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyamba kutsika.

"Imeneyo ndidzawawerengera akapepesa."